Mboni yomwe ndinadzibweretsera ndekha

Mpaka lero dzanja langa lamanzere limabaya kukamazizira, ndipo likabaya ndimapsa mtima, ngakhale woti ndimupsere mtimayo sindimupeza bwinobwino.

Ndinkasesa ndi kuphika tiyi pa ofesi ina ya maloya pa boma la Kasungu. Shuga ndinkabisa pamwamba pa kabati ya mafayilo (kalaliki wathu ndi munthu wopemphera, koma dzanja lake silipemphera). Tsiku lina m'mawa ndinakwera pampando kuti ndimutsitse. Mpandowo unali wamatayala. Iwo unapita kwake, ine kwanga. Dzanja thyo! Mwendo wa mpando nawo thyo!

Ndinaukankhira kuseri kwa chitseko n'kuzemba kupita kuchipatala. Adokotala atafunsa, ndinati ndagwa kwathu ku Njombwa, ndikupachika fodya m'chigafa. Analemba.

M'mawa mwake abwana, loya wamkuluyo, anandiitana ndi mawu ofewa ngati a ansembe.

"Agogo, kodi mwavulalira muno? Nenani zoona, pali fomu yoti tilembe."

Fomu! Zaka zonsezi ndaona anthu akulowa muno ali ndi minda, kusaina fomu, n'kutuluka ndi zipewa zokha. Ndinadziwiratu kuti akufuna andilipitse mpando kenako andichotse ntchito.

"M'chigafa, bwana."

"Nanga mpando uwu?"

"Chiswe."

"Wachitsulo, agogo?"

"Chiswe cha masiku ano, bwana."

Pofuna kutsekeratu nkhani ndinakatenga alamu anga, mkulu wa mpingo. "Ndinawaona ndi maso angawa, anagwa m'chigafa ngati thumba la feteleza," anatero pamaso pa abwana, n'kusaina pepala la umboni ndi cholembera chawo chomwe.

Patatha sabata, sekilitale anandikokera pambali. "Agogo, mwadzichita chiyani? Ofesi ino imalipira inshuwalansi. Wovulalira pantchito amalandira chipukuta misozi, ngakhale wosesa."

Ndinalowa kwa abwana osagogoda. "Ndinagwera muno ine!"

"Amayi, pepala la adokotala likuti chigafa. Alamu anu akuti chigafa. Umboni mwamanga nokhawu ngakhale ine sindingaugwetse."

Munthu wophunzira chonchi, kumayamba nkhani ndi fomu! Akanayamba ndi chipukuta misozi bwenzi atatha mano? Alamu aja nawo anakanitsitsa kusintha mawu, akuti mkulu wa mpingo sanena pawiri.

Mwana wanga wamkazi akuti phunziro lake n'lakuti ndizikhulupirirako anthu. Iyayi. Phunziro n'lakuti ukamanamiza loya, uzipita wekha.