Matambula a Ukwati wa Tadala

Lolemba
Katoni yafika kuchokera ku Zobue! Matambula agalasi khumi ndi awiri, mphatso ya mwana wanga Tadala amene akukwatiwa Loweruka. Asewere anga, mayi a mkwati, amatiderera ife ogulitsa manachesi. Aona okha. Pakatoni palembedwa FRÁGIL mofiira.

Lachiwiri
Ndafunsa a Zuze, aneba amene anaphunzirako zaunsembe ku Tete. Akuti n'Chipwitikizi, Chisipanishi chimodzimodzi, ndiye kuti chinthu chosachedwa kusweka. Linachokera ku Chilatini, fragilis, mwana wa liwu lotanthauza kuswa. Andiphunzitsa ola lathunthu, kenako agwedeza katoni kuti amve ngati n'zoona. Kwalira kanthu m'katimo. Atsala khumi ndi limodzi.

Lachitatu
Ndauza onse tanthauzo lake kuti asakhudze. Kupusa kwanga! Katoni ya sopo yatha miyezi pano palibe woiyang'ana, koma iyi aliyense akufuna aone chosachedwa kuswekacho. Abwera:
alamu anga,
amayi atatu akwaya,
a Zuze, ndi mlendo woti amuphunzitse.
Wina akugogoda ndi chikhadabo, wina ndi supuni. Atsala asanu ndi anayi.

Lachinayi
Ndabisa kunsi kwa bedi. Bambo a Tadala aponyerako jombo zawo. Akuti iwo Chilatini sanaphunzire. Lero adziphikira okha.

Lachisanu
Wakabaza wabwera kudzatenga katoni kupita nayo kuholo ku boma. Ndamufotokozera zonse, mpaka Chilatini. Akuti, "Mayi, msewu wa kwa Nthache sudziwa kuwerenga." Wamanga ndi malegeni mpaka katoni kupindika pakati. Sinditsegulanso, mtima wanga sungapirire. Itafika kuholo, ndangoikuta ndi pepala lamaluwa.

Loweruka
Woyendetsa mwambo waisenza pamutu, akuvina nayo, akukuwa kuti mphatso yochokera kunja. Watsegula anthu onse akuona. Athunthu awiri, lachitatu long'aluka, enawo zidutswa zokhazokha. Asewere aombera m'manja pang'onopang'ono, akundiyang'ana. Manyazi ake! Mpunga sindinadye.

Lamulungu
Tapita kwa asewere kukatsanzikana ndi Tadala. Matambula awiri aja ndawaona, awatsekera m'kabati yapabalaza. Akuti akuwasungira anawo, azitulutsa kukabwera alendo olemekezeka. Ine andithirira thobwa m'kapu yapulasitiki yopanda chogwirira. Ndalandira ndi manja awiri, ndamwa, ndathokoza.