Pasiwedi ya Chowumitsira Tiyi

Mukandiona ndikupalasa kabaza pa Luchenza, musafunse anthu kuti maphunziro a kompyuta aja anathera kuti. Ndikuuzani ndekha, ngakhale mtima ukuwawabe.

Ku fakitale ya tiyi kumene ankandiyesa ntchito kunali chipangizo chakalekale choyendetsa chowumitsira tiyi. Chinalibe pulogalamu. Magetsi ankangoyenda m'mawaya ake, kutentha kukakwera nawonso akwera, chokha n'kuchepetsa moto. Chitapsa, china chinasowa. Ine, pofunitsitsa kuti andilembe ntchito yokhazikika, ndinauza abwana kuti laputopu yanga ikhoza kuchitsanzira: izingoyeza kutentha pafupipafupi n'kuwerengera zimene chipangizocho chikanachita. Zinathekadi, tiyi n'kumatuluka wabwino (ndinayamba mpaka kuvala tayi).

Koma chinthu chimodzi sindinatsanzire. Magetsi akazima jenereta n'kulira, chakalecho chinkangopitiriza. Laputopu yanga, poti batire lake linafa, inkazima n'kudzuka ikufuna pasiwedi.

Tsiku lina ndinali kwa Nsabwe, pa maliro a apongozi anga aamuna. Foni inalira tili kumanda. Anali a Makwinja, kapitawo wa chowumitsira.

"Achimwene, magetsi anazima, ndiye makina anu akufuna pasiwedi. Tiyi ali m'kati, moto sukutsika!"

Pasiwediyo inali dzina la chibwenzi changa chakale chimene akazi anga amachidziwa bwino, ndipo iwo anali poteropo, alamu anga atandizinga. Mkamwini sachoka pamanda maliro asanatsitsidwe. Ndinanong'ona.

"Sitikumva, jenereta ikusokosa! Kwezani mawu!"

Ndinayesa kutumiza meseji, mufoni munalibe mayunitsi. Ndinanong'onanso.

"Kuno fungo layamba, achimwene!"

Ndinatsinzina n'kukuwa: "Esinala wanga! Zilembo zazing'ono zokhazokha!"

Apo n'kuti kwaya itangomaliza nyimbo, abusa akutsegula Baibulo. Aliyense anamva, mpaka adzukulu amene anali m'dzenje anasuzumira kuti aone wayankhulayo. Akazi anga anasiya kulira, n'kungondiyang'ana.

Tiyi anali atapserera kale. Lolemba mlonda anandipatsira laputopu yanga pageti, kulowa kokha osandilola. Kunyumba ndinapeza zovala zanga zili m'thumba la feteleza pakhonde, poti mudziwo ndi wa akazi anga. Ndinalira, sindibisa.

Pasiwedi ndinasintha, ngakhale palibenso choti ndibise. Esinalayo anakwatiwa kalekale kwa Changata. Akuti atamva nkhaniyi anafunsa kuti, "Kodi ameneyo ndiye uti?"