Mmene Ndinadutsitsira Ukwati Wanga M'waya

Ndikulumbira pali manda a atate anga ku Lifidzi, ndipo ngati m'nkhaniyi muli liwu limodzi labodza, kachewere wanga yense awolere m'munda chaka chino. Inu mukumwetulira apo, khalani pansi mumve.

Kompyuta yanga ndi yakale moti wansembe amene anandipatsa anati nayenso anaipeza ili kale ndi imvi. Ndi chibokosi chachitsulo, ndipo poyaka imayamba yatsokomola ngati thirakitala. M'mimba mwake munali chithunzi chokhacho cha ukwati wathu, uja tinamangira ku Dedza tili othawa nkhondo, poti chapepala chinadyedwa ndi chiswe. Tsono mkazi wanga aNangozo anali ndi thadzi lofuna kukhalira mazira.

"Bambo a Fatima, Loweruka chibokosi chanuchi ndichichotsa matumbo, nkhuku yanga igonemo."

"Nanga ukwati wathu uli m'katimu?"

"Utulutseni. Mwakalamba mukulonjeza."

Kutulutsa kwake kotani, kompyuta yopanda kabowo ka fulashi, pakamwa pa disiketi mavu atamangapo nyumba? Njira inatsala imodzi, pulaka ya redi, kathabwa kobiriwira kaja kochititsa makompyuta awiri kuyankhulana pa waya. Ndinaipeza ku Kalomwe kwa wakabaza wina amene ankapalira matope kumatayala, ndinaitsuka ndi kachasu nkuilowetsa m'malo mwake, koma itangolowa inayamba ndewu ndi mausi, chifukwa onse awiri ankalimbirana nambala imodzi yoitanira bongo wa kompyuta, ndipo anagwetsana m'katimo mpaka chibokosi chinatsika chokha pameza, patebulo paja, nkuyenda kukafika pakhomo. Mukumva? Kuti pulaka isinthe nambala pamafunika kachipewa kolumikiza timano take tiwiri, ine ndinalibe, ndiye ndinathamangira kukhola, ndinazula nkhupakupa pakhutu la ng'ombe nkuikhazika patimanopo, iyo nkuluma tonse tiwiri pamodzi, kagetsi kobiriwira nkuphethira, ndewu nkutha. Ili pomwepo mpaka lero, yanenepa ndi magetsi.

Kenako ndinakoka waya kudutsa m'munda wa nyemba mpaka kukompyuta ya mlamu wanga Arimando. Koma Lachisanu limenelo kunazizira kuzizira kwathu kwa ku Angonia kuno, chithunzi chinauma pakati pa njira, waya nkutupa ngati nsato yomeza mbuzi, moti ndinachita kuyenda ndi mbaula pansi pake, dzanja lina ndikukama wayayo monga timakamira ng'ombe, uku Arimando akukuwa pazenera kuti, "Alamu, nsapato zafika! Mawondo afika! Buluku lake ndi lomweli lalifupili?" Tsoka ilo, waya wamakedzana uja amafuna chotsekera kumapeto kwake, ine ndinaiwala, ndiye itafika nthawi ya mutu wanga tsitsi lonse linapitirira nkukatayikira pansi, tambala wa Arimando nkulijompha lonse ndisanafike ndi chitsononkho chotsekera. Mukuti ndikunama? Kafunseni ku Domwe, aliyense akumudziwa tambala uja anamera tsitsi lakuda bii lopesa seda, yemwe mathadzi a mudzi wonse ankamutsatira mpaka kumsika.

ANangozo anabwera ali ndi mpeni kale m'manja. Anayang'ana chithunzicho pakompyuta ya Arimando nthawi yaitali, nkuseka buluku langa, nkupukuta maso ndi nsonga ya chitenje.

"Chibokosicho chikhale. Koma chipewa chanu cha kutchalitchi ndatenga."

Thadzi linaswera m'chipewamo, kompyuta ikutsokomolabe mpaka pano, ndipo chithunzi Arimando anachisindikiza, chili pakhoma kwathu. Mukachiona muli dazi pamutu panga, mwadziwa amene anadya tsitsilo.

Chabwino, apo pa tsitsi pokha ndathirapo kamchere, dazi ndinali nalo kale tsiku la ukwatilo. Koma nkhupakupa bwerani mudzaione. Za kachewere musandidandaulire, chaka chino ndadzala nyemba zokhazokha.