Bwato la Machubu Awiri

Lolemba

Uthenga wabwera ndi wogulitsa matemba: mwana wathu Esinati wabereka ku chilumba cha Chisi. Mwana wamkazi! Mdzukulu woyamba! Mchombo wagwa kale, akungodikira ife kuti Lamulungu amutulutse m'chikuta.

Amake Esinati akuvina pabwalo ndi lichero m'manja, mpunga ukumwazika, nkhuku zikuthokoza. Inenso ndakondwa kwambiri, koma mtima ukundikumbutsa za a Nampeya.

A Nampeya ndi malume awo a amake Esinati, msodzi wa ku Chisi komweko. Pa chinkhoswe chathu anandiyang'ana kuyambira kuphazi mpaka kumutu, n'kufunsa kuti mlimi wa nandolo wopanda bwato azidzabwera naye bwanji mwana wawo kudzaona abale. Ine, magazi akadali otentha, ndinaimirira pamaso pa anthu n'kunena kuti ndidzabwera naye pa bwato langalanga. Lero imvi zafika m'ndevu. Zaka zonsezi timawoloka pa boti la injini ngati alendo, ndipo moni wa a Nampeya susintha: "Mwafika bwino, akamwini? Nanga bwato lija lafika pati?"

Ulendo uno ayi. Mdzukulu asayambe moyo ndi kumva agogo ake akufunsidwa funso limenelo.

Bwato losema sindingalikwanitse, ndalama zake n'zogulira ng'ombe. Koma mwezi wathawu pa doko la Kachulu ndinaona mzungu wina woyeza madzi a m'nyanja. Anatulutsa chinthu m'thumba, kuchipopa, chinthucho n'kusanduka bwato. Ndinachikhudza iye atayang'ana kumbali. Mphira basi! Mphira ndi mpweya. Mpweya ndi waulere, mphira ili ku Songani.

Zofunika:
machubu a galimoto
nsungwi
pokhalapo (chitseko cha khola la mbuzi chikwanira)
chingwe
nkhafi
kulimba mtima, poti kusambira sindidziwa

Amake Esinati ndawauza madzulo ano. Ayamba aika chikho pansi. Akuti, "Boti la injini lilipo, abambo a Esinati." Ndati wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Akuti mwambi umenewo ndachedwa nawo.

Lachiwiri

Songani. Pa chipata cha msika anyamata a chipani akufuna khadi. Ndaonetsa langa. Kenako pakamwa panga pandiperekeza: ndawauza za mdzukulu. Akondwa nane, andigwira chanza, akuti ndiye kuti pakufunika khadi lina. Mwana sanatuluke m'chikuta, ali ndi khadi kale. Chimwemwe china ndi bwino kuchisunga m'thumba.

Che Saidi amamata matayala kuseri kwa msika. Ndawafotokozera zonse. Sanaseke, ndi munthu waulemu. Angovula kofia, kukanda m'mutu, n'kuivalanso. Funso lawo: "Bwato lake la munthu mmodzi kapena la awiri?"

Andiyalira machubu pansi:
cha thirakitala: chachikulu, munthu n'kugonamo, koma chikufuna mbuzi ndi mwana wake yemwe. Ayi.
cha lole, chosalala, chigamba chimodzi chokha.
cha lole chinanso, zigamba kuposa thalauzi langa la kumunda. Chotchipa.
cha galimoto yaing'ono. Akuti chimenecho n'chowolotsera nkhuku.

Malangizo a Che Saidi: la mmodzi ndi lopepuka, silidya ndalama, ndipo likamira maliro amakhala amodzi. Nzeru zilipo pamenepo. Koma ine sindinalonjeze kuti ndidzafika ndekha. La awiri!

Afunsa kuti mayi ndi a thupi lotani. Ndatambasula manja. Ayang'ana manja anga, ayang'ana cha thirakitala chija.

Ndatenga a lole awiriwo. Ndalama za nandolo zapita. Ndikubwerera machubu ali m'khosi ngati mikanda, anthu a m'njira akundipatsa moni kawirikawiri kuti aone bwino.

Ndawapatsa mayina: Chosalala ndi Chazigamba.

Lachitatu

Kupopa!

Pampu ya njinga pa chubu cha lole. Valavu ndi pampu sizikumvana, ndamangapo ndi luzi. Ndayamba mame asanaume. Dzuwa lafika pamutu, Chosalala chikadali chogona ngati mlamba wouma. Msana wanga! Mzungu uja ankapopa ndi phazi, kaliwo ali kukamwa.

Ndapita kukamwa madzi. Pobwera ndapeza amake Esinati atagwira pampu, akupopa ngati akusinja chimanga. Posachedwa Chosalala chakhuta, cholimba, ukachimenya chikulira ngati ng'oma. Sindinanene kanthu. Iwonso sananene kanthu. Ukwati wathu wakhalitsa chifukwa cha zimenezi.

Chazigamba chikulandira mpweya uku, kwinaku chikuimba mluzu. Che Saidi anati pobooka amapapeza ndi thovu la sopo. Sopo m'nyumba muno alimo mmodzi, ndipo ndi wa mdzukulu, amake akuti ndisamuyang'ane n'komwe. Ndiye malovu. Madzulo onse ndakhala pabwalo ndikulavulira chubu, anthu ochokera kumunda akuchepetsa liwiro podutsa. Pakamwa pauma. Mabowo ena ndawapeza, ndamata zigamba pamwamba pa zigamba. Mluzu wachepa koma sunathe.

Kuyesa koyamba, pamtunda. Amake Esinati akhala pa Chosalala. Chawanyamula! Akudumphadumpha, mpango wagwa, akuseka ngati mtsikana. Kuseka kumeneku ndinakumva koyamba pa doko la ku Chisi, iwo ali ndi dengu la nsomba za makumba pamutu, ine nditagwa m'matope ndi thumba la nandolo. Mayi amenewa ndimawakonda. Ndilembe pano, poti pakamwa mawu ake amakana kutuluka.

Lachinayi

Ndapita kukadula nsungwi. Machubu ndawasiya pabwalo, padzuwa, okhuta, kuti odutsa aone kuti pakhomo pano pali nzeru.

Ndili m'kati modula: PHUU! Agalu akuuwa, mbalame zauluka m'minda ya mpunga. Ndathamanga chikwanje m'manja. Mudzi wonse uli pabwalo langa, ena amayesa mfuti.

Chosalala! Chang'ambika pakati. Dzuwa lachitenthetsa, mpweya wasowa potulukira. Chazigamba chili phee pambali, chapulumuka chifukwa cha mluzu wake womwe uja. Chabwino chafa chifukwa cha ubwino wake.

Anthu akundipepesa ngati pamaliro, koma maso ali pa mphira. Kuno mphira siigona pabwalo. Aliyense ali ndi njinga, aliyense ali ndi katundu wofuna kumanga, ndipo munthu amene wabwera kudzakupepesa sungamubweze chimanjamanja. Lumo latuluka m'thumba la wina ngati linkadziwa.

a tcheyamani a nthambi ya chipani: chidutswa chachikulu, chomangira mazira ndi nkhuku za mphatso. Ndani angakane?
a Mulewa oyandikana nafe: zomangira madengu a matemba
mkulu wa mpingo: chokokera chitseko cha tchalitchi
ana: malegeni opirikitsira mbalame kumpunga
amake Esinati: chomangira dengu la mphatso za mwana. Iwonso!

Ine chandigwera ndi valavu. Ndaiika m'thumba.

Tsopano bwato ndi la munthu mmodzi, ndipo latsamira pa chubu choimba mluzu. Ndakhala pakhonde. Amake andibweretsera mbatata yootcha, akuti, "Chatsalacho n'chimene chikudziwa mavuto. Musachinyoze."

Lachisanu

Kuyesa pamadzi, ndekha kaye.

Nsungwi pansi, chitseko cha mbuzi pamwamba, chingwe paliponse. Mbuzi zili m'munda wa a Mulewa. Mlandu umenewo ndi wa sabata yamawa.

Pagombe asodzi asiya kusoka maukonde. Ndakankha, ndakwera. Layandama! Ndatsala pang'ono kuyamba nyimbo ya kutchalitchi.

Ndapalasa kumanja: lazungulira. Ndapalasa kumanzere: lazungulira chobwerera. Chisi, phiri la Zomba, Chisi, phiri la Zomba. Chinthu chozungulira chilibe kutsogolo. Bwato la mzungu uja linali ndi mphuno, ndakumbukira lero.

Msodzi wina, mwaulemu ndithu: "Akulu, mukupita kapena mukubwera?"

Mphepo yaweruza mlandu, yandikankhira m'tchire la njedza. Udzudzu masana. Misundu pamiyendo. Mluzu wa Chazigamba ukumveka pansi panga, thovu likutuluka. Ndaitana mwaulemu. Kenako ndaitana mopanda ulemu.

Amake Esinati amanga chitenje, alowa m'madzi, akubwera. Ndikuwakuwira kuti abwerere angamire. Madzi akuwalekeza m'chiuno! Nthawi yonseyi ndimatsanzikana ndi dziko pamadzi a m'chiuno. Agwira chingwe, andikokera kumtunda ngati mbuzi yopita kumsika, asodzi akuomba m'manja. Akuti walira mvula walira matope.

Nsapato imodzi yatsala m'nyanja.

Chizungulire mpaka madzulo. Ndikatseka maso ndikuona Chisi ndi phiri la Zomba zikupikisana. Lamulungu layandikira. Sindikuopa madzi tsopano, ndikuopa moni wa a Nampeya pamaso pa alendo onse a pa chikuta.

Loweruka

M'mawa ndati basi, tikwere boti la injini monga mwa nthawi zonse. Amake akana! Akuti, "Pa chinkhoswe simunatchule kukula kwa bwato. Tiyeni tiyese awiri."

Nzeru zawo: tikhale chofulatirana, wina apalase mbali iyi wina mbali inayo, kuzungulira kuthe. Nkhafi yachiwiri tabwereka. Chazigamba tachipopa mosinthana.

Takwera. Mbali yawo yatsika, mbali yanga yakwera. Miyendo yanga ili m'mwamba, nkhafi yanga ikupalasa mphepo. Koma tayenda! Molunjika! Tadutsa pamene amayi amachapira, tadutsa mabwato omangidwa. Chisi chili kutsogolo kwawo, sichikuthawanso. Iwo ayamba nyimbo ya asodzi a kwawo, msana wawo wofunda uli pamsana panga. Zimene ndinalonjeza zija ndi zimenezi. Ndinkafuna kuti njira italike.

Kenako chitsa cha bango. Fwiiii.

Sitinamire mwadzidzidzi. Tangotsika pang'onopang'ono ngati anthu olemekezeka, mpaka takhala m'matope, madzi m'chifuwa, chitseko cha mbuzi chikuyandama chokha. Amake akuseka mpaka misozi. Yanga inali misozi ya mtundu wina, koma pamadzi palibe angasiyanitse.

Tikutuluka, chubu chili paphewa, pagombe pali bwato lakale losema, ndi nkhalamba itatsamira nsungwi yokankhira. A Nampeya! Amake Esinati anawatumizira uthenga Lachiwiri lomwe lija, ine ndili ku Songani kusankha machubu. Zandipweteka. Akuti sikunali kundikayikira, kunali kusamala, mdzukulu sangadikire mpweya.

A Nampeya ayang'ana chubu. Ayang'ana chitseko. Ayang'ana ine, matope mpaka m'makutu. Ndaweramitsa mutu kudikira funso lija. Angoti, "Mwaswera bwanji, akamwini?" Kusafunsako kwandilasa kuposa kufunsa.

Lamulungu

Ndagonja. Tikwera la eni.

Koma bwato la a Nampeya nalonso ndi nkhalamba. Pansi pali mng'alu, dzulo abwera akukapa madzi njira yonse. Anthu atatu ndi dengu la mphatso silingatifikitse. Azungulirazungulira, atsokomola, kenako afunsa ngati ndingawagawireko mphira.

Chazigamba ndachidula ndi dzanja langa, ndasankha posalala pamene panatsala. Takhomera pamng'alu ndi misomali ya chitseko cha mbuzi, iwo agwira, ine ndikukhoma. Takankhira m'madzi. Pouma!

Kuwoloka: a Nampeya ndi amake Esinati akusinthana nsungwi poyamba, ine ndili pansi, maso otseka, dzanja lagwira m'mbali. Titafika pakati amake asiya nsungwi. Pathabwa akana. Akhala pansi pa bwato, pachigamba penipeni, akuti pamenepo m'pofewa. Ndagwira nsonga ya chitenje chawo mpaka kutsidya.

Pa doko la ku Chisi pali abale onse. Wina wayamba kale kufunsa kuti bwato la akamwini lili kuti. A Nampeya azika nsungwi m'matope, akuti, "Mtengo ndi wanga. Chimene chatsekereza nyanja ndi chawo."

Amake akutsika, akusasa chitenje. "Za mtengo ine sindikudziwa. Ndakhala pa gawo la amuna anga kuchokera kutsidya."

Ndayang'ana kumbali, misoziyo ndati ndi utsi wa owamba nsomba.

Mdzukulu: kakang'ono, tsitsi lambiri, mphuno ya agogo ake aakazi, mwayi wake. Wandigwira chala osasiya. Sopo wafika wathunthu. Khadi ndapereka kwa Esinati kuti amusungire.

Pa chakudya a Nampeya andisunthira mutu wa mlamba, n'kunong'ona kuti nanga mbali yotsala ya bwato ifika liti. Ndiye kuti moni uja sunafe, wangosintha malaya. Ndizolowera.

Pobwerera tikwera la injini. Kunyumba kukundidikira khola lopanda chitseko, a Mulewa ndi munda wawo, nsapato imodzi. Valavu ikadali m'thumba.

Bwato langa ndi lalikulu ngati lichero, lokhomeredwa pansi pa bwato la eni ake. Ndi la munthu mmodzi. Munthu wakeyo lamufikitsa wouma.