A Nthawiyanji, Mlosi wa Magetsi

Munthu wabwinobwino ukamupatsa moni amakufunsa za ana. A Nthawiyanji ayi. Iwo ukangoti mwadzuka bwanji, ankayankha mwachidule, kenako n'kukufunsa kuti kwanu mumasita zovala nthawi yanji. Anafunsapo mkwati akutuluka m'tchalitchi, anafunsaponso dokotala wa mano zala zili m'kamwa mwawo. Dzina lawo lenileni linatsalira pachitupa, moti ngakhale akazi awo, amene anapirira nawo zaka zonsezo, akakwiya ankawaitana lomweli la Nthawiyanji.

Bambowa ankagwira ntchito ku kampani ya magetsi, m'kachipinda kozizira ngati firiji. Ntchito yawo inali kulosera kuti mawa mzinda udya magetsi ochuluka bwanji, ola ndi ola, kuti anzawo adziwiretu makina oti ayatse. Ankatenga za nyengo, n'kuphatikiza ndi mmene anthu anagwiritsira ntchito magetsi zaka zam'mbuyo, kompyuta n'kujambula mzere wokwera ndi kutsika. Ukalosera mopereweza, magetsi sakwana, ndiye dera lina limathimitsidwa. Zikatero a Nthawiyanji ankabwera kunyumba nkhope ili gwa, chakudya osachikhudza, ngati aphetsa munthu.

Iwo ankati kompyuta imadziwa kuti mawa kuzizira, koma sidziwa ngati munthu akazizidwa amayamba kuthamangira ketulo kapena hita. N'chifukwa chake ankafunsa. Ndipo mayi aja anaona zakuda, ndikukuuzani. Tsiku lina atapita kukacheza kwa apongozi, bambowo anati akupita kuseri, osabwerako. Anakawapeza atagwada kumbuyo kwa nyumba akuyang'anitsitsa mita ya magetsi. Mitambo ikangoda, iwo ali pakhonde manja kumbuyo, kudandaula kuti zovala siziuma, madzulo ano ma ayironi avuta mzinda wonse. Akazi awo akawauza kuti m'malo moyang'ana kumwamba akaanuleko zovala zawo zomwe, ankayankha kuti asawasokoneze, ali pantchito.

Tsono vuto linali lakuti anthu a mumsewu mwawo ankaganiza kuti munthu wa kumagetsi akakufunsa nthawi imene umasita, akufuna akakuthimitsire nthawi yomweyo. Magetsi akangoti phethi, mitu yonse inkatembenukira kunyumba kwa a Nthawiyanji, ana n'kumaimba dzina lawo. Ndiye anthu anayamba kuwanamiza. Telala anati iye amasita m'bandakucha. Wometa anati makasitomala ake amakonda kumeta dzuwa lisanatuluke, osachita manyazi n'komwe. Bambowo anasangalala kuti atulukira zachilendo, anakasintha mzere uja, magetsi ambiri n'kuwaika m'mawa. Madzulo ake theka la mzinda linali mumdima. Mawa lake abwana awo anawauza mwaulemu kuti azimvera kompyuta, zofunsafunsazi azisiye pageti.

Tsiku limenelo anaweruka msanga, zomwe sankachita, n'kupeza akazi awo ali kalikiliki kusita malaya dzuwa likulowa.

"Mayi, si munati mumasita m'mawa inu?"

"Nanga ndikanatani, bambo? Amayi onse mumsewu muno tinapangana."

"Ndiye kuti nanunso mumati ndimathimitsa ndine?"

Mayiwo anafuna kuseka, koma ataona nkhope ya amuna awo chiseko chinathawa. Anazindikira kuti munthuyu zamulowa mpaka mumtima, ndipo kuyambira tsiku limenelo anatsimikiza kuti amutsimikizira kuti anthu sadana naye.

Koma a Nthawiyanji sanali munthu wogonja. Anayenda khomo ndi khomo kufotokoza kuti iwo alibe switchi, kuti akufunsa pofuna kuti magetsiwo asathime. Anthu ankawapatsa mpando, kuwavomereza ndi mutu, kuwaperekeza mpaka pamsewu, kenako n'kuwanamizanso. Akazi awo ankawauza kuti anthuwa amakukondani, n'chibwana chabe. Ankawakumbutsa kuti telala sawalipiritsa akang'amba thalauza, kuti wometa amawadumphitsa mzere. Iwo ankangoti amenewo ndi mantha, akuopa mdima. Atapuma pantchito sanasiyenso. Ankalosera pakhonde, osalembedwa ndi munthu, n'kumaimbira foni mtsikana amene anawalowa m'malo. Mtsikanayo, Mulungu amudalitse, ankayankha nthawi zonse.

Anadwala nyengo yozizira. Ali m'chipatala anafunsa anamwino onse za ma ayironi awo, ndipo atawatha anayamba kulosera za maliro awo omwe. Anapempha akazi awo kuti awawerengere za nyengo pafoni, anatsinzina pang'ono, kenako anati:

"Kudzazizira, koma musadzavutike. Kudzabwera abale ndi anzanga a kuntchito owerengeka. Ketulo ziwiri zidzakwana. Munthu wothimitsa magetsi amamulira ndani?"

Mayiwo anapsa mtima. Anawauza kuti ngati akufuna kufa afe, koma zopusazo asiye. Bambowo anangomwetulira ngati munthu amene masamu ake amawadziwa. Patangopita masiku ochepa anatisiya.

M'mawa wa tsiku lomwe thupi linabwera kunyumba, mayiwo anatulutsa ketulo ziwiri monga anawauzira, mtima uli m'mwamba. Anali atakangana nawo zaka zambiri pankhaniyi, komabe mantha analipo: nanga atalondola? Sanatume munthu kukamema anthu. Anati abwere okha, kapena asabwere.

Woyamba anali telala, ketulo yake m'manja. Kenako wometa, atakoleka chingwe cha magetsi paphewa, hita kukhwapa. Pofika masana msewu unali utatsekeka. Kunabwera anthu a madera amene mayiwo sanawapondepo, aliyense n'kumati bambowa anandifunsa m'basi, anandifunsa pamzere wa kubanki. Kunabwera anamwino aja, mtsikana wa kumagetsi uja ndi ofesi yake yonse. Mphepo inali yobaya m'mafupa, ndiye nyumba zonse za mumsewu zinatsegula zitseko, iliyonse ketulo ikuwira, mbaula yamagetsi ili psuu, hita ili pabalaza.

Dzuwa litangolowa, thiransifoma ya pakona inangoti phuu! Msewu wonse mdima bii. Kenako telala anati ulendo uno tathimitsa tokha, a Nthawiyanji. Anthu anaphulika kuseka, ndipo kusekako sikunachedwe kusanduka kulira.

Mayiwo anapapasa khoma mpaka anafika pabokosi la malemuyo, n'kuikapo dzanja.

"Mwaona, bambo? Mwalakwitsa. Mwalakwitsa kwambiri."

Thiransifoma anaikonza m'mawa mwake. Masiku ano msewu uja uli phee, wangokhala msewu ngati ina yonse, woti munthu umadutsa osaimitsidwa ndi aliyense. Mayiwo mkangano uja anapambana, ndipo amanena okha kuti anapambana mzinda wonse ukuona. Chimene chimawapweteka mpaka lero n'choti mwini wakeyo anapita asakudziwa.