Gwirize ndi chinsinsi cha patsindwi

Mwambi mwandifunsawu, ana inu, unayamba motere, ndipo amene aseke ndisanathe ndimukoka khutu.

Gwirize anakalowa chikamwini kwa alimi a njuchi, kwawo kwa mkazi wake Nangondo. Ukwati unali ukadali wauwisi, ndipo mkamwini akachititsa manyazi sachedwa kulozeredwa njira yakwawo. Koma Gwirize, mayo ine, anali uja woti nkhuku ikamuyang'ana amati yatumidwa.

Tsiku lofula njuchi, a Kamtedza, malume ake a Nangondo, anamupatsa Gwirize mbale yodzaza ndi uchi. Phula lokha analisungunula, naliumba mibulu, nakaliika patsindwi. Gwirize ataona, mtima unangoti myuu!

"Nangondo, mwaona? Ine andipatsa zamadzimadzi, zolimbazo abisa. Chakudya chenicheni ndi phula. Uchiwu ndi wopusitsira akamwini."

"Abambo inu, kawafunseni malume."

"Ndikafunse? Akakana ndiye kuti akubisa. Akavomera ndiye kuti ndawagwira. Ndivutikirenji?"

"Nanga uchi ukutsekemera chonchiwu?"

"Nyambo imakoma, mayi!"

"Koma munaonapo munthu akudya phula?"

"Eyaa, mwafikapo! Palibe anawaonapo. Mukuona ukatswiri wake wa kubisako?"

Nangondo anagwira pakamwa. Anachita mantha ndithu, poti mwamunayo ankamukonda.

Tsiku la mowa, abale onse ali pabwalo, Gwirize anakwera patsindwi, natsika ndi m'bulu wa phula, naima pakati pa anthu chifuwa chili patsogolo.

"Lero chinsinsi chaululika! Akamwini anzanga, penyani zimene amatimana!"

Analuma. Tafu, tafu, tafu. Kukoma osabwera. Tafu, tafu. Phula linakanirira m'mano, nsagwada zinangoti gwa! Kumeza kosatheka, kulavula manyazi. Anameza ndithu mwana wamwamuna, maso ali tong'o, misozi ili chuchuchu.

A Kamtedza anaika chikho pansi. "Akamwini, limenelo timasungira oimba ng'oma. Amamata pachikopa kuti ng'oma ilire bwino. Patsindwipo tinaliikapo kuti ana asaliseweretse."

Mukuganiza kuti anagonja? Aaa, simumudziwa Gwirize! Anakanula kukamwa ndi zala, nafuula: "Ohoo! Ndiye kuti ng'oma nazonso zili m'gulu lanu!"

Anthu anagubuduzika ndi phwete, ena mowa unatulukira m'mphuno. Nangondo yekha sanaseke. Analowa m'nyumba akulira, natuluka ndi phukusi la zovala za mwamuna wake.

"Pitani kwanu, abambo, kumene kulibe okubisirani kanthu."

Gwirize anauyamba ulendo, mimba ili gwa ngati mwala, atasiya mkazi, atasiya uchi. Zonsezo chifukwa chokana kuyenda kuchoka pakhonde pake kukafika pakhonde pa malume. Ndiye mukamva wina akuti wazindukira chimene dziko lonse likubisa, koma kufunsa ayi, mum'kumbutse kuti safunsa anadya phula.