Sabata Imene Bambo a Tadala Anali Kochi

Lolemba

Zatheka! Amuna anga, bambo a Tadala, avomera kukhala kochi. Chipumireni pa mpira, ntchito yawo ndi kukhala pakhonde, kuimitsa aliyense wodutsa n'kumamuuza za zigoli zomwe ankamwetsa dziko lonse likumvera pa wailesi. Adokotala akuti thupi lakula, magazi akuthamanga, aziyendayenda. Timu ya kwathu kuno ku Zakazaka nayo ikagonja Lamulungu lino ituluka mu ligi. Ndiye ndapita ndekha kwa a Likoswe, atcheya a timu: "Katswiri muli naye pompano, mukumusiyiranji?" Ndagula wenzulo. Ndachapa tirakisuti. Zipi sakutseka, koma palibe kanthu.

Lachiwiri

Pulakatisi yoyamba. Ndikuonerera mobisala kuseri kwa bulugamu. Osewera ake: akabaza anayi, akaunjika awiri, ophunzira a kukoleji okhala ku Chikanda ooneka ngati sanadye, ndi kalipentala pagolo. Ola lathunthu wokhudza mpira ndi kochi yekha! Akuti akuwasonyeza. Kuchenya uyu, kuchenya uyo, kumwetsa, n'kuthamangira kukona manja m'mwamba. Kalipentala wafunsa mwaulemu: "Akochi, nanga ifeyo tizitani?" Iwo: "Zimene ndachitazi." Maphunziro athera pomwepo.

Lachitatu

Akuti mphamvu zili kuphiri. Timu yonse ithamange mpaka ku damu la Mulunguzi. Anyamuka m'mamawa akuimba. Naini koloko isanakwane, kochi watsika pa njinga yamoto, kathumba ka mabulosi m'manja, akupumira m'mwamba. Wowatsitsayo ndi wosewera wawo wakutsogolo. Enawo angowasiya kumtunda popanda wowauza kuti abwerere.

Lachinayi

Ndawapatsa kope kuti azilembamo mapulani. Masana ndalitsegula. Maina khumi ndi limodzi, ndipo pa nambala naini pali dzina lawo! "N'chitsanzo chabe, mayi a Tadala." Chitsanzo!

Lachisanu

Mmodzi wa akaunjika aja wawalanda mpira pa pulakatisi, bwinobwino, anthu akuona. Amuchotsa mu timu. Akuti alibe ulemu. Chonsecho ndi yekhayo wodziwa kutseka kumbuyo! Mkazi wake wandipeza mu msika ndikusankha tomato: "Anzanga, amuna anuwo anali dolo, sitikukana. Koma akuphunzitsa anthu kapena akudzikumbutsa?" Tomato ndakagula kwina.

Loweruka

A Likoswe abwera, chipewa m'manja. Akuti ku Blantyre kumachitika maphunziro a makochi, bwanji akayambire kumeneko. Amuna anga adzuka pampando: "Ine? Ndikaphunzitsidwe mpira ndi anthu amene ndinkawagwetsa chagada?" Alendo apita tiyi asanamalize.

Kenako amuna anga ayang'ana miyendo yawo. "Ndikaima kunja kwa mzere miyendoyi imayabwa. Kuonerera sindikudziwa ine." Mtima wanga wagwa, mkwiyo wonse zii. Sipanapite mphindi zisanu, akufunsa komwe ndinabisa nsapato zawo za mpira. Mkwiyo wabwerera.

Lamulungu

Chigawo choyamba tamwa zitatu. Chachiwiri chikuyamba, kochi wavula tirakisuti, mkati muli jezi! Kaya analembetsa liti. Bwalo lonse likukuwa dzina lawo, ngakhale ana amene sanawaonepo akusewera, ndipo, ndisaname, inenso ndakuwa nawo. Akhudza mpira kawiri. Kachitatu bondo lakana, ali pansi. Timu yatuluka mu ligi. A Likoswe sakundiyang'ana.

Kuchipatala namwino wawazindikira. Akuti malemu bambo ake ankatseka golosale amuna anga akamasewera, ndiye akupempha chithunzi. Iwo gone pabedi, bondo lotupa ngati dzungu, akumwetulira, chala chachikulu m'mwamba. Wojambula ndine. Ayang'ana foni, akuti ndijambulenso, mimba yaoneka kwambiri.

Ndajambulanso.